Mbuzi Yotsokomola

Mpaka lero fungo la mkate wotentha limandibweza ku Zóbuè, nthawi ya Apwitikizi. Uvuni anaumanga ndi amayi, ndipo oyendetsa galimoto za ku Moatize ankagula mikate pakhomo pathu. Amayi atadwala chifuwa chachikulu, mng'ono wawo anawatsekera m'kachipinda, natenga malondawo.

"Ogula akadziwa, tidya chiyani? Uziti apita ku Moatize," anandiuza atandikoka khutu.

Tsiku lina ndikukulungira mkate mayi wina, amayi anatsokomola mwamphamvu.

"Mtsikana iwe, akutsokomolayo ndani?"

"Ndi mbuzi," ndinayankha mokweza.

Mayiyo anaseka, nagula iwiri. Kuseri kwa chitseko amayi anatsokomolanso, koma tsopano ndinamva kuti adzitseka pakamwa ndi nsalu.