Bango la a Chikuse

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti a Chikuse akakuyeza ndi bango, basi, yamba kutsanzika abale. Sekani, sindikwiya. Ine sukulu ndinaisiya panjira pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndipo nzeru zanga zonse ndinkazitola ndi maso.

Masowo ndi amene anandinamiza. A Chikuse anali kalipentala wa kwathu ku Mlolo, munthu wamtali, wa diso limodzi lotuwa, amene nthabwala ankazinena nkhope ili gwa. Maliro akagwa m'mudzi, oyamba kufika anali iwo, bango lili m'manja. Ankalowa m'nyumba mwagona mtembo, kuligoneka bangolo pambali pake, kulidula ndi mpeni, n'kutuluka osapatsa munthu moni. Kenaka bokosi linkabwera. Ine sindinaganizepo kuti munthu amayamba wafa, bango n'kubwera pambuyo. Ndinkangoona kuti kumene kwalowa bango kumatuluka maliro.

Nyumba yathu, imene ndikukhalamo mpaka lero, anamanga ndi agogo, atate awo a amayi, amene anali mlaliki. Anaimanga ya njerwa zootcha motengera nyumba za pa mishoni, makoma aatali, nasiya malo a mazenera aatalinso. Koma mazenerawo sanabwere. Agogo atamwalira, malo aja anangotsekedwa ndi njerwa ndi dothi, kusiya kabowo kongolowa mkono. M'kati munali mdima ngakhale masana, ndi fungo la utsi wakale ndi mileme.

Chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiricho atate anabwera kuchokera ku migodi ndi zinthu ziwiri: sutikesi ndi chifuwa. Za m'sutikesi zinatha msanga. Chifuwa chinakhala. Amayi anapita nawo kuchipatala pa boma ku Chadiza, kumene anawapatsa mankhwala, nawauzanso kuti wodwalayo azigona m'chipinda cholowa mphepo ndi dzuwa, apo ayi mankhwalawo akungowataya. Izi ndinazimva nditakula. Nthawi imeneyo mawu amene akulu ankandiuza anali amodzi okha: choka apo.

M'mawa wina, titangomaliza kukolola, ndinali pakhonde kusenda nsawawa pamene ndinaona mutu wa a Chikuse ukuyenda pamwamba pa udzu wa m'njira yathu. Ndinapemphera kuti apitirire. Anakhota. Ndipo sananyamule bango limodzi, ananyamula mtolo.

Amayi anawalandira ngati alendo abwino, n'kuwalowetsa m'chipinda cha atate. Ine ndinakwawa mpaka pachitseko, ndinasuzumira. Atate anali gone pamphasa, akupuma ngati munthu wokwera phiri. A Chikuse anaima pambali pawo nthawi yaitali. Kenaka anasolola bango, koma m'malo moligoneka pansi analiimika kukhoma, nalidula. Mtima unakhala pansi pang'ono: bangolo linali lalifupi, atate sakanakwanamo ngakhale kuwapinda.

Potuluka anandipeza pakhomo, ndisanathawe. Anandiyang'ana ndi diso lotuwalo, naimika bango lija pambali panga. Nsonga yake inafika pamutu panga penipeni.

"Eya," anatero. "Ndendende. Ngati ndinachita kukuyeza uli m'tulo."

Amayi anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere atate, ndipo kusekako kunandipweteka kuposa bangolo. Amayi anga enieni, ondibereka!

Anazungulira nyumba yonse akudula mabango, lililonse msinkhu wake, akudandaula kuti agogo ankamanga ndi diso, palibe malo ofanana ndi anzake. Ine ndinati enawo ndi a ana ena a m'mudzi, aliyense adzilirire yekha. Kenaka ndinamva amayi akufunsa kuti ntchitoyo itha liti.

"Mlombwa ndinaugwetsa, koma ukali wauwisi," anayankha a Chikuse. "Mukafuna zamsanga, ku Chipata kuli zopangiratu, koma zimenezo sizidziwa nyumba yanu, mudzagumula khoma kuti zilowe. Kapena ndikupangireni za mtengo wofewa. Chiswe chidzakuthokozani."

Za khomazo sindinazimvetse. Ndinangomva chiswe, ndipo ndinachimva chikuyenda kale m'miyendo mwanga.

Mawu a atate anachokera mumdima muja: "Tidikira mlombwa."

"Kudikira ndi chifuwa chimenecho, abambo?" anatero amayi.

"Ndati tidikira. A Chikuse, tabwererani muno, ndili ndi mawu."

A Chikuse analowanso, natseka chitseko. Amayi anatsala panja ngati ine.

Tsono imvani nzeru za mdzukulu wa mlaliki. Ndinaganiza kuti popeza mtengowo uyenera kuuma, ndili ndi mpata. Ndikakula kupitirira bangolo, bokosilo silidzandikwana, ndipo imfa idzachita manyazi n'kupita kwina. Ndinayamba kudya ngati dzombe: mbatata zaziwisi, masuku, zotsala za mng'ono wanga, ngakhale zimene sanatsalitse. M'mawa uliwonse ndinkalendewera kunthambi ya mango kuseri kwa khola mpaka manja atachita dzanzi. Tsiku lina ndinamangirira mwala wa mphero kumapazi. Nthambi inathyoka, ndipo amayi anandiwonjezera msinkhu ndi mkwapulo, koma kumatako kokha.

Masana ndinkazemba kukaonerera kumene a Chikuse ankagwirira ntchito, pansi pa mkuyu. Matabwa anali atawasanja mumthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Amene sanaonepo mlombwa wongodulidwa kumene sangandimvetse. Mtengo umenewu umatuluka madzi ofiira ngati magazi, ndipo pa makungwa amene anawataya pambali madziwo anali ataundana, akuda, ntchentche zikuzungulira. A Chikuse sankatembenuka n'komwe, koma ankadziwa kuti ndili kuseri kwa chulu.

"Iwe," ankatero uku akunola chipangizo chawo, "usakule msanga. Undionongera ntchito."

Ndinkathawa mpaka kunyumba osayang'ana m'mbuyo.

Kunyumbako zinthu sizinali zoseketsa. Dzinja linali kutali, kutentha kunafika, ndipo chipinda cha atate chinali ngati uvuni wa njerwa. Chifuwa chinasintha mawu, chinayamba kuchokera pansi. Amayi anali ndi kansalu kamene ankakachapa okha kudambo, kutali ndi akazi anzawo, ndipo tsiku lina ndinakaona kasanachapidwe. Kanali ndi mtundu womwe uja wa pansi pa mkuyu. Anthu amene kale ankabwera kudzacheza ndi atate anayamba kupereka moni ali panjira.

Amayi anapirira mpaka analephera. Anandigwira dzanja, tinapita kwa a Chikuse, ine ndikukoka miyendo ngati mbuzi yopita kumsika.

"Mukufuna azione ali moyo kapena ayi?" anafunsa amayi, osapereka ndi moni womwe.

A Chikuse anagogoda thabwa limodzi ndi chala. "Tamvani, mayi. Likali kuyankha ngati munthu wa chimfine. Ndikapanga lero, likamauma lipindika, silidzatsekekanso, mvula idzawapeza pamphasa. Amuna anu ndinawauza, ndipo anasankha okha."

Pobwerera amayi anandifinya dzanja mpaka ndinalira, iwo osadziwa kuti akundifinya.

Tsiku linafika mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana kumapiri. Ndinamva mabelu a ng'ombe, ndinaona ngolo ikukhota panjira yathu, a Chikuse akuyenda pambali pake, katundu atamufunditsa masaka. Ndinakwera m'nkhokwe, ndinadzikwirira m'chimanga, ndinatseka maso. Ndinamva njerwa zikugwa. Ndinamva hamala. Ndinamva kupala kwa thabwa, kuyesa, kupalanso. Anankafumbwe ankandiyenda m'khosi koma sindinagwedezeke. Ndinkadikira kuti akazi ayambe kulira, kuti ndidziwe kuti ndafa.

Dzuwa litapendeka amayi anandikoka mwendo.

Nyumba yathu inali ndi maso. Mazenera a matabwa okhaokha, opanda galasi, a zitseko ziwiriziwiri, ofiira ngati dothi la pachulu, lililonse litakhala m'malo mwake ngati linamera momwemo. Ndinalowa m'chipinda cha atate, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ku migodi ndinawaona bwinobwino. Ndinalakalaka mdima utabwerera. Khosi linali ngati la nkhuku yosadya, mawondo aakulu kuposa ntchafu. Koma anali atakhala tsonga, nkhope kumphepo, akununkhiza mvula.

"Takwera apa, uime," anandiuza.

Ndinaima m'zeneramo. Mutu unagunda pamwamba. Ndinali nditapitirira bango lija ndi zala ziwiri.

"Wandipulumuka," anatero a Chikuse, nkhope ili gwa.

Atate anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amayi n'kuwasisita pamsana.

Anakhala pazenera limenelo dzinja lonse. Anali kulamula munda ali pomwepo, kukalipira ine ndikapalira mwaulesi, kuitana odutsa ndi mayina awo aubwana. Amene ankaopa kulowa m'nyumba anayamba kubwera kudzatsamira pazenera, kucheza mpaka ng'ombe zitabwerera. Anaona chimanga chikumera, chikumasula, chikuuma. Kuzizira kutafika, anapita.

A Chikuse anabwera ndi bango limodzi, lalitali. Sanandiyang'ane. Bokosi linafika msanga kuposa mmene anthu ankayembekezera, lofiira, louma, mtengo womwe uja wa mazenera. Amayi analisisita ndi chikhato, nayang'ana a Chikuse, ndipo a Chikuse anayang'ana pansi. Pamenepo tonse tinadziwa mawu amene ananenedwa chitseko chili chotseka. Atate anapempha kuti achekeretu matabwa ena aatali, awasunge, koma ayambe ndi mazenera.

Choncho kupusa kwanga sikunali kupusa kwathunthu. Bango linabweradi ndi maliro, ndinangolakwitsa munthu. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti atate ankadziwa kuti masiku awo ndi ochepa, ndipo akanatha kusankha mtengo wofewa kuti apume mphepo msanga. Anapirira kutentha konse kuja mumdima chifukwa mazenerawo sankasankhira iwo okha, ankasankhira ife otsala m'nyumbamo. Ndakalamba ndikutsegula mazenera omwewo.

Chaka chino m'munsi mwake mwayamba kufumbutuka, ndipo limodzi lagwa. Ana anga ali ku Lusaka anaimba foni kuti atumiza achitsulo, otsetsereka, a magalasi akuda ngati a minibasi. Ndinawauza kuti amenewo sadziwa nyumba yathu. Ndinaitana kalipentala wachinyamata wa ku Pembamoyo, amene anabwera ndi tepi yobwerera yokha ngati lilime la bilimankhwe. Atangoisolola, ine ndinapezeka ndaima kumbuyo kwa mkazi wanga, Nambewe, ngati ndikufuna kanthu m'thumba. Mnyamatayo anayeza malo onse, akupukusa mutu kuti palibe lofanana ndi linzake. Anati mlombwa masiku ano ndi wosowa, koma aupeza, ndipo tiyenera kudikira kuti uume.

Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Miyendo yanga yayamba kutupa chaka chino, ndipo kamtunda ka kuchitsime ndimakakwera mopumira. Titafika poti Nambewe sangamve, ndinamunong'oneza kuti achekeretu matabwa ena aatali, awasunge, koma ayambe ndi mazenera. Ndinabwerera ndikudziona ngati atate, munthu wamkulu wodziwa kusunga chinsinsi.

Usiku umenewo Nambewe anatseka zenera lakale lija, nalitchinga ndi mpini chifukwa loko wake unatha, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"A Phiri," anatero, "mnyamata uja ndamuimbira foni. Matabwa anu aataliwo ndamuuza apange benchi ya pakhonde ndi chitseko cha kukhitchini. Mukafuna kufa, muyambe mwadzala mlombwa wanuwanu, ukule, tiugwetse, uume. Pakali pano sunthani, mwagona malo anga."