Mikanda Yanga M'manja mwa Apongozi

Mikanda ya m'chiuno ndinaivula ndili ndi pakati pa mwana woyamba, itayamba kundithina. Ndinaikulunga m'kansalu n'kuiponya pansi pa sutikesi, ndikudziuza kuti ndikangochira ndiivalanso. Kuchira ndinachira, koma mwanayo atangosiya bere kunabwera wina, winayo asanayende bwino kunabweranso wachitatu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha ine ndikununkha mkaka ndi sopo wochapira matewera. Mukanandifunsa za mikanda masiku amenewo, ndikanakufunsani kuti ya ndani.

Ananditungira ndi azakhali anga kwathu kwa Maganga, kutatsala sabata kuti ndikwatiwe. Zinali zingwe zitatu, choyera, chachikasu ndi chobiriwira. Pondipatsa sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti mikanda imeneyi woiona ndi mmodzi yekha, mwamuna wako, ndipo munthu wina akaiona ndiye kuti wakuona uli mbulanda. Mawu amenewo sindinawaiwale. Chimene ndinaiwala ndi mikandayo.

Tsiku limene inatulukira linali Lachisanu, nyengo yokolola mpunga ku Lifuwu kumene ndinakwatiwa. Mpunga tinali titauyanika pabwalo, ine ndikupikisana ndi nkhuku, wamng'ono ali kumsana. Mmawa umenewo ndinatsekula sutikesi kufuna kabuku ka kusikelo, n'kuisiya chotsekula chifukwa wapakati anali atagwetsa ndowa ya madzi. Masana amuna anga anabwera kuchokera kumzikiti pamodzi ndi bambo awo, ndipo posakhalitsa kunafikanso mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga.

Apongozi anga aamuna ndi munthu amene sindinamuyang'anepo m'maso. Ndimawapatsa moni nditagwada patali, iwo amayankha akuyang'ana kumbali, ndipo ulemu wathu wakhala womwewo chikwatiwire. Anakhala pampando pakhonde atavala mkanjo wawo woyera, m'manja muli tasibihi, mikanda ija amawerengera popemphera. Ine ndinalowa kukhitchini kukaphika tiyi. Ana anali zii, ndipo ndinayamika mumtima kuti lero andilemekeza pamaso pa alendo. Kupusa kwanga! Mayi aliyense amadziwa kuti mwana akakhala chete ndiye kuti akuwononga.

Nditatuluka ndi makapu, ndinapeza mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka zisanu, atakhala pamphasa pafupi ndi miyendo ya agogo ake. Anali atatambalala, kampango kali kumutu, akuyendetsa timikanda m'zala n'kumagwedeza milomo monga amachitira agogo akewo. Ndikunena zoona, poyamba sindinaizindikire. Ndinangodzifunsa kuti mwanayu watola kuti zinthu zokongola chonchi. Kenako ndinaona choyera, chachikasu, chobiriwira, ndipo ndinaizindikira.

Ndinali nditagwada kale, manja onse ali ndi makapu. Kukuwa pamaso pa apongozi sindikanatha. Ndinamutuzulira maso, ndinamukodola ndi chibwano, koma iye anaona ngati ndikumuyamikira.

“Agogo, onani tasibihi yanga,” anatero mwana uja. “Yanga ndi yaitali kuposa yanu. Ndaipeza m'sutikesi mwa amayi.”

Anaiika m'manja mwa agogo ake, ndipo iwo analandira, poti mdzukulu sakanidwa. Maso awo saona bwino, choncho anaikweza m'mwamba kuti aione powala. Ndinaona chala chawo chachikulu chikukankha mkanda umodzi, wachiwiri, wachitatu, mwa chizolowezi chabe. Pa wachinayi chalacho chinaima. Anaitsitsa pang'onopang'ono n'kuiika pamphasa ngati munthu amene watola khala la moto mosadziwa. Kenako anatembenukira kubwalo n'kufunsa mwana wawo kuti mpungawu wauma masiku angati.

Tiyi anandikhutukira pachitenje koma kutentha sindinakumve. Mlamu wanga anali atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Anatambasula dzanja ngati akukonza mphasa, mikanda ija n'kulowa pansi pa nsalu yake. Ine ndinasiya makapu, ndinabwerera chokwawa mpaka pakona ya nyumba, kenako ndinathamangira kukhitchini.

Ndinathyola kamtengo kuti ndikam'kwapule mwanayo, n'kukataya. Ndikanamumenyera chiyani? Iye anaona mikanda, ndipo mikanda yokhayo imene ankaidziwa pakhomo pathu inali yopempherera. Wolakwa anali amene anasiya sutikesi chotsekula. Mlamu anandipeza ndikulira, n'kundiponyera mikanda ija pamiyendo.

“Alamu, sindinkadziwa kuti mumapemphera chonchi,” anatero.

Anaseka mpaka kugwira khoma. Ataona kuti ine sindikuseka, anayamba kunditonthoza kuti bambo ake akhala ndi mkazi zaka zambirimbiri, palibe chachilendo chimene agwira. Zimenezo zinangowonjezera. Ndinkaona chala chija chikuyenda pa mikanda yanga, ndipo ndinkadzifunsa kuti ndidzagwadanso bwanji pamaso pa munthu ameneyu. Apongozi sanamalize tiyi. Anatsanzika akuyang'ana khoma, amuna anga n'kuwaperekeza.

Tsopano mantha anga anatembenukira kwa mwini wake wa mikandayo. Amuna anga si munthu waukali, koma pa nkhani ya ulemu kwa bambo awo sasewera. Chinthu chimene ndinauzidwa kuti ndi cha maso awo okha chinali chitakhala m'manja mwa bambo awo, masanasana, mlongo wawo akuona. Ndinakonza mawu opepesa, ndinawakonzanso, mpaka ndinamva njinga yawo ikulowa pabwalo.

Anatsika n'kuyamba kuwolera mpunga m'matumba, akuimba kanyimbo chamumtima. Ndinauza mlamu kuti atenge ana apite nawo kuseri. Ndinapita pamene anali, ndinagwada, n'kuwauza kuti andikhululukire pa zimene zachitika, kulakwa ndi kwanga, ndinasiya sutikesi osatseka. Anandiyang'ana modabwa. Anati ngati ndikunena za tiyi uja ndisadandaule, ngozi siona nkhope. Chimene iwo chinawadabwitsa n'chakuti bambo awo achoka msanga lero, ndipo njira yonse sanalankhule.

Ndinaganiza kuti akundiseka, kapena akufuna kuti ndinene ndekha ndi pakamwa panga. Ndinatulutsa mikanda ija m'chitenje, n'kuitambasula padzanja kuti aione bwino.

“Eya, imeneyo,” anatero. “Ndi yokongola. Mwamugulira liti mwanayu?”

Ndinawayang'anitsitsa kufuna kuona ngati milomo ikubisa kuseka. Munalibe. Anali kufunsa ndi mtima wonse. Munthu ameneyu, chaka chathu choyamba, ankadziwa kuti pa chingwe chachikasu pali mkanda umodzi wosweka, ndipo ankandilonjeza tsiku ndi tsiku kuti adzandipezera wina. Nkhalamba yosaona bwino inaizindikira ndi chala, mlamu anaizindikira ali patali, koma mwini wake anaiyang'ana padzanja langa, dzuwa likuwala, osaidziwa. Manyazi a apongozi anandichoka nthawi yomweyo, m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera kwambiri. Kukalipa ndinalephera, chifukwa nanenso pakhonde paja ndinayamba ndadzifunsa kuti mwanayu watola kuti.

Ndinaifumbata mikanda ija. Iwo anadikira pang'ono, kenako anawerama n'kugwira kukamwa kwa thumba kuti amange.

“Muiike patali,” anatero, “wamng'onoyu angameze.”