Tsiku Limene Amayi Sanaume pa Foni

Palibe mawu amene anamulasa Injiniya ngati amene mwana wake anayankhula Lamulungu lina masana. Foni itaitana, anamukweza Kankhunda pamwendo kuti aone amayi ake. Mwanayo, wazaka zitatu, anangoyang'ana kamodzi n'kutsetserekera pansi.

"Sindifuna. Azakhali awo amangouma."

Mkazi wake anamva zonse. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo nkhope yake inaumadi pomwepo, diso limodzi lili chotsinzina. Kenako netiweki inathawa.

Inu amene mukuwerenga, dziwani kuti dzina la Injiniya silinali laulemu. Anamupatsa ndi anzake pomuseka atalephera kawiri mayeso a zamagetsi. Ntchito inasowa, ndipo iye ndi mwana anakakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achimwene ake. Mkazi wake ndiye anapita kutali kukasamalira nkhalamba za eni ake. Mpata woyankhula ndi banja lake ankaupeza Lamulungu lokha, 3 koloko masana, theka la ola basi. Injiniya ankamusowa kwambiri mkaziyo. Juzi imene anaisiya kuseri kwa chitseko tsiku lonyamuka inali pomwepo, sanaisunthe.

Tsikulo uthenga unabwera netiweki itabwerera: "Bambo a Kankhunda, ngati mwana wayamba kunditcha azakhali, ine kuno ndikuvutikira ndani?"

Achimwene ake anali munthu wokonda kugula zinthu. Rauta, bokosi lobweretsa intaneti m'nyumba, inali pabalaza, koma wayifai inkakana kufika kuseri. Choncho anagula timabokosi tiwiri ta meshi, tija timapatsirana netiweki mumphepo. Ataona kuti makoma ndi okhuthala, anagulanso ma adaputa awiri oyendetsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba, ina pabalaza, ina kuseri. Zonsezi anazilumikiza pamodzi, poganiza kuti kuchuluka kwa zida ndiko mphamvu.

"Achimwene, bwanji ndione mmene munalumikizira?" anapempha Injiniya.

"Iwe, mayeso anakukana kawiri. Ukufuna katundu wanga akhale kachitatu?"

Mawuwo anawameza ngati mankhwala. Anafukula kope lake lakale la kusukulu, n'kukhala pampando moyang'anizana ndi kabokosi ka meshi kamene kanali m'chipinda mwake. Kanyale kake kakasiya kubiriwira n'kufiira, ankalemba nthawi. Alamu ake, mkazi wa achimwene aja, anamupeza ali chomwecho tsiku lachitatu.

"Alamu, bokosilo mulifunsira liti ukwati? Mwalipenyetsetsa mokwanira."

Iye anangomwetulira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata itatha, kope linayankhula. M'kati mwa sabata netiweki inkathawa mwa apo ndi apo, koma Loweruka ndi Lamulungu masana inkachita kuvina. Nanga masiku amenewo panyumbapo pankachitika chiyani? Alamu akewo anali ndi saluni pakhonde, ndipo masiku amenewo ndiwo amayi ankadzaza pabenchi. Loweruka lotsatira anatchera khutu. Dilaya youmitsira tsitsi itangobangula, kanyale kanafiira.

Analondola chingwe cha dilayayo. Chinalowera pawindo mpaka kuseri kwa sofa, pa ekisitenshoni imodzi imene inanyamula wailesi yakanema, matchaja atatu, ndi adaputa ya pabalaza ija. Alamu ake ndiwo anaizula pakhoma kalekale pofuna malo a ekisitenshoniyo.

"Ndiye mukuti wolakwa ndi dilaya yanga?"

"Ayi alamu, dilaya ilibe mlandu. Kungoti ikabangula, phokoso lake limalowa m'mawaya, intaneti n'kusowa podutsa. Adaputa imafuna soketi yapakhoma yakeyake."

Anagwirizana. Adaputa inabwerera pakhoma, dilaya inasamukira ku soketi ya kukhitchini imene inali pa mzere wina wa magetsi.

Lamulungu Injiniya anamusambitsa Kankhunda, namumanga tsitsi mmene bambo angathere, mtima uli m'mwamba. Foni itaitana, mphindi khumi zinayenda bwinobwino. Kenako amayi a mwanayo anauma. Anabwerera, n'kuumanso. Mwana anatola chidole chake n'kutuluka panja, ndipo achimwene a Injiniya anangoti, "Ndinanena ine."

Tsiku limenelo anatsala pang'ono kutaya kope lija. Anakhala pabedi nthawi yaitali akuyang'ana juzi kuseri kwa chitseko, akudzifunsa ngati anzake aja sananene zoona.

Koma Lolemba m'mawa analitsegulanso, ndipo anaona chimene maso ake ankachilumpha. Kanyale kakafiira, kankakhala choncho pafupifupi mphindi imodzi, nthawi zonse, kenako n'kubiriwira kokha. Chinthu chofa sichichira poyang'ana wotchi. Ndiye kuti m'mphindi imeneyo bokosilo linkachita kanthu.

Anazula chingwe chochokera ku adaputa, n'kudikira. Mphindi itakwana kanyale kanabiriwira, chingwe chili m'manja mwake. Apo m'pamene anazindikira kuti bokosilo linali ndi njira ziwiri zofikira ku rauta, ya m'mawaya ndi ya mumphepo. M'mawaya mukangogwedezeka pang'ono, ngakhale filiji ikangodzuka, linkathawira mumphepo. Likapeza kuti makoma atsekereza, linkabwereranso ku mawaya. Ulendo uliwonse wosamukawo ndiwo unkaumitsa amayi a mwana wake. Akuluakulu sananame, mapanga awiri avumbwitsa.

Chotsala chinali kuliuza bokosilo kuti likhale panjira imodzi, koma zimenezo zinkatheka pa foni ya achimwene ake yokha. Iwo anaikumbatira foniyo ngati khanda. Alamu ake ndiwo anadula mlandu.

"Bambo, mupatseni foniyo. Mwana akuiwala mayi ake, inu muli kalikiliki kuteteza bokosi."

Injiniya anatseka njira ya mumphepo pakati pa timabokosito, n'kusiya ya m'mawaya yokha.

Lamulungu linafika. Foni itaitana, Kankhunda anaima pakhomo, chala chili m'kamwa, osafuna kuyandikira. Mayi ake sanamukakamize. Anangoyamba kuyimba kanyimbo kamene ankamuyimbira pomusambitsa ali khanda. Pakhonde dilaya inabangula. Injiniya anayang'ana kanyale. Kanali kobiriwira.

Nyimbo inafika kumapeto osadukiza. Mwanayo anabwera pang'onopang'ono, akudikira kuti nkhopeyo iume monga mwa masiku onse. Anaika chala pa tsaya la pa foni, tsayalo n'kumwetulira.

"Lero simukuuma?"

"Sindiuma, mwana wanga. Ndili pompano."

Kankhunda anakwera yekha pamwendo pa bambo ake.

"Amayi, muyimbenso."

Injiniya anatembenukira kukhoma kuti mwana asaone misozi. Mkazi wake sanabise yake, anayimba akulira mpaka theka la ola linatha lonse lathunthu.

Nkhani ya m'saluni sigona pabenchi. Amayi omangitsa tsitsi anaitengera kwawo, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kumuitana m'nyumba ndi m'maofesi mwawo. Kulikonse amalowa ndi kope lake, ndipo funso lake loyamba ndi lomwe lija: netiweki ikamathawa, m'nyumba muno mumakhala mwayatsa chiyani? Mayeso aja anakawalembanso kachitatu, n'kukhoza. Masiku ano achimwene ake akamati Injiniya, samasekanso.

Mkazi wake sanabwerebe. Juzi ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo Kankhunda ndiye amayamba kufunsa kuti Lamulungu lifika liti.

Mwina nanunso anakupatsani dzina lokusekani, ndipo mwayamba kulikhulupirira. Mwina mwayesa, zinthu n'kuyenda mphindi khumi zokha. Musataye kope lanu. Khalani pansi, muyang'anenso pamene maso anu akhala akulumpha, chifukwa kwinakwake kuli munthu amene akudikira kuti mupirire tsiku limodzi lowonjezera. Mtima wanu usafooke lero, Lamulungu lanu likubwera.