Mowa wa apongozi ndinaulawira pakhonde

"Amake mwana, dzulo lija munkamwa chiyani m'tambula pakhonde paja?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana naye nyumba, mnzanga wa ku gulu la amayi a mpingo. Ndinawayankha kuti mowa. Kunama kunalibe phindu, poti anali ataona ndi maso awo.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno ku Karonga ndinabwera ndi ukwati. Bambo a mwana amathandiza amalonda kuwolotsa katundu pachipata cha m'malire ku Songwe. Chikwatiwireni, apongozi anga aamuna anali asanalawepo kanthu m'nyumba mwanga. Anthu anawauza kuti akazi a kwathu timathira mankhwala m'zakudya kuti mwamuna aiwale abale ake. Ndinkazimva, koma osazilabadira. Koma mwana atabadwa zinayamba kundipweteka, chifukwa kubanja kwa amuna anga dzina amapereka ndi agogo aamuna, ndipo iwo sankabwera. Kusikelo anamwino akafunsa dzina, ine ndinkangoti likubwera, amayi anzanga nkumaseka.

Uthenga utafika woti apongoziwo abwera Loweruka pamodzi ndi alamu anga, mlongo wawo wa bambo a mwana, ndinaphika mbalagha, ndizo nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, monga amakondera kuno. Kenako ndinapita ku supamaketi ya pa boma kukawagulira mowa. Wa m'botolo umene amamwa unali utakwera moti ndinangouyang'ana. Pashelefu ya pansi panali zitini zoyera, zopanda chithunzi, zolembedwa dzina la sitolo yomweyo basi. Wogulitsa anati ndi mowa ndithu, eni sitolo amachita kupangitsa okha, n'chifukwa chake ndi wotchipa. Ndinatenga zingapo, kunyumba nkukazimiza mumtsuko wa madzi kuti zizizire.

Alendo anafika, koma bambo a mwana anaimba foni kuti malole achuluka pachipata, sachoka msanga.

Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi aamuna, sakhalanso nawo chipinda chimodzi. Iwo anakhala pabalaza, ine panja, alamu ndiwo anali miyendo yathu ndi pakamwa pathu. Chitini ndinatsegulira kukhitchini nkuthira m'tambula yagalasi, poti kwathu munthu wamkulu sumupatsa chitini m'manja ngati mnyamata wa pa depoti.

Tambula inabwerera yodzadza. Alamu anati achikulire akufuna aone chitini. Anapita nacho. Pobwera anandinong'oneza kuti akuti iwo amwapo mowa wa tsidya lino ndi wa tsidya lina la mtsinje wa Songwe, koma wopanda dzina sanauonepo. Komanso watsegulidwa kumene iwo sanaone, ndiye mwini nyumba ayambe walawa. Mwini nyumbayo anali ku Songwe. Alamu anadzipereka kuti alawe ndi iwo, koma ndinamva ndekha yankho likutuluka pazenera: "Wagula ndiwe?"

Chibadwire ndinali ndisanaikepo mowa pakamwa. Ndinaganiza zodikira amuna anga, koma alamu anati achikulire afunsa kale nthawi ya minibasi yobwerera. Kumwera m'nyumba sikukanatheka, ndikanaonana nawo. Kukhitchini sakanandiona. Malo anatsala amodzi okha, kumapeto kwa khonde moyang'anana ndi zenera, msana kwa apongozi, nkhope kumsewu kumene aliyense amadutsa.

Ndinayamba ndayamwitsa mwana mpaka anakhuta, nkumupereka kwa alamu. Ndinakonza chitenje, ndinagwada, ndinakweza tambula m'mwamba pang'ono kuti apongozi aione bwino.

Fungo lake linali ngati la mpunga wonyowa umene wagonera m'thumba. Pakamwa unawawa ngati khungwa la mtengo, thovu linandilowa m'mphuno, pambuyo pake kunatsala kukoma kwa chitsulo, ngati wanyambita supuni yakale. Ndinadabwa kuti amuna amathera madzulo awo pa chinthu chotere. Sindinalavule. Ndinameza, ndinadikira, ndinamwanso kachiwiri mosafulumira kuti asati ndangonyowetsa milomo. Pamenepo ndi pamene mayi woyandikana naye uja ankadutsa ndi ndowa yake.

Alamu analowa nayo tambula ija. Posakhalitsa ndinamva apongozi akuyankhula mokweza, mwadala kuti zindifike: "Uwu si mowa, ndi madzi otsukira mpunga. Bweretsa chitini china."

Anamwa, anadya mbalagha mpaka kupempha yowonjezera. Atasamba m'manja anaitanitsa mwana, anakhala naye nthawi yaitali akumuyankhula m'Chinkhonde, ndipo anamupatsa dzina la malemu mayi awo. Potuluka ine ndinabisala kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo. Anaima pakhomo nkunena cha kumene ndinali kuti ndagha, ndiko kuthokoza kwa kuno. Minibasi anakwera yomaliza.

Nkhani siinachedwe kufika kwa akulu a mpingo. Anandiitana, anandifunsa ngati wina anandikakamiza. Ndinati ayi, ndinagwada ndekha. Anafuna ndinene kuti ndikumva chisoni, koma ndinawapempha mwaulemu kuti asandinenetse bodza m'nyumba ya Mulungu. Bambo a mwana anakwiya, ankafuna akawafotokozere okha, ine ndinawaletsa. Lamulo loletsa mowa ndinkalidziwa ndisanamwe, ndipo akuluwo sanandilakwire. Ulendo wotsatira wa kusikelo anamwino asanamalize kufunsa ndinali nditatchula kale dzina, ndipo ndinawauza alembe bwino chifukwa ndi la munthu wamkulu.

Zimene ndinataya ndi izi. Akulu a mpingo anandiimitsa Mgonero mpaka mpunga utakololedwa. Nyimbo zimene ndinkayambitsa pa gulu la amayi anapatsa wina, ndipo sanandibwezere. Mayi woyandikana naye uja timapatsana moni, koma sabweranso kudzapala moto.