Mvunguti Umene Sunalowe M'manda

Ndinakhala pabanja zaka zambiri wopanda mphatso, ndipo pa Nsanama panalibe amene sankadziwa. Anthu ake kukamwa ngati lumo. Ukadutsa, kuseka kumatha, kenako kumayambiranso kumbuyo kwako.

Mnzanga weniweni anali mmodzi, mayi wachisilamu amene tinkagulitsa naye tomato pamsika. Mnzangayo anamwalira, kusiya mwana wake wamkazi akadali pabere. Mwamuna wake anali atapita kale ku Joni, osamvekanso. Abale ake a ku Nayuchi anayang'anana, aliyense n'kumati kwake n'kothina. Ine ndinangotambasula manja.

Kwathu, mayi woyamwitsa akamwalira, amayi akuluakulu amatenga chipatso cha mvunguti, chija chachitali cholemera ngati khanda, n'kuchikulunga m'kansalu, n'kuchigoneka pambali pa malemu. Amati akadzuka uko azipeza china m'manja, asabwerere kudzatenga wamoyoyu. Azakhali anga anathamanga kukathyola, n'kundipatsa. Koma a shehe anakana mwaulemu: m'manda mwa Msilamu mumalowa munthu ndi sanda yake basi. Ndipo kumanda kumapita amuna okha. Jeneza, chonyamulira maliro chawo, linanyamuka ife titaima pabwalo, ine mwana kumbuyo, mvunguti m'manja. Kutaya ndinaopa. Ndinakauika pansi pa bedi.

Mwanayo anakula, n'kumanditcha amayi. Ndinamukonda, ndisaname, kuposa mmene ndinkadzikondera ndekha. Koma apongozi anga sankamutchula n'komwe dzina, ankangoti "kamwana kaja". Ati magazi ndi magazi, wolera ndi mbusa chabe, mwini mbuzi akabwera amatenga zake. Ine ndinkawayankha kuti magaziwo anali kuti pamene ndinkachapa matewera? Kubala n'kwa tsiku limodzi, koma phala ndi la m'mawa uliwonse. Mwina ndinkalankhula choncho chifukwa cha nsanje ya amene anabala. Sindikudziwa.

Kenako, mwana atayamba kuthamanga ndi kulankhula bwinobwino, ndinaima. Ine amene! Apongozi analulutira mpaka mawu kusasa, ndipo atakhala pansi anati, "Tsopano popeza Mulungu wakupatsani wanu, kamwana kaja kabwezereni kwa amalume ake. Ana awiri a mimba zosiyana sakhalitsana." Amuna anga anangoti tidzaona. Asa! Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Sindikudziwa ngati mwanayo anamva. Chimene ndikudziwa n'chakuti sabata yomweyo anasiya kudya. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapeze kanthu. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, atabereka chinthu kumbuyo. Unali mvunguti uja, wouma gwa, ukadali m'kansalu kake komwe. Sindinamuuzepo za chinthucho, ndipo pansi pa bedi panali katundu wambiri woti mwana sakanasuntha.

Anayamba kukhala pamenepo masana aliwonse, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale nkhuku zimakhala chete. Ankayang'ana kanjira kopita kumanda a Asilamu, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene akumvetsera malangizo. Nthawi zina ankayankha m'Chiyao. M'nyumba mwathu sitilankhula Chiyao.

Tsiku lina ndinamufunsa, "Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

Sanatembenuke. Anati, "Amayi aja aima apo. Akufunsa ngati mwathana nane."

Ndinayang'ana. Panalibe munthu, koma kanjira koyera mbee ndi fumbi. Mantha anandigwira, inde, koma pambuyo pa mantha panabwera mkwiyo umene sindinaumvepo. Amoyo akufuna ndimubweze, akufa nawo akufuna ndimubweze. Kodi mwanayu ndi khasu lobwereka?

Ndinamumasula mvunguti uja kumbuyo, n'kuyamba ulendo ndi mimba yanga, wopanda nsapato. Sindinalowe m'manda, iyayi, malamulo a eni ake ndimawalemekeza. Ndinaima m'mphepete, pamene tchire limayambira. Mphepo panalibe, koma masamba a mtengo umodzi okha ankagwedezeka.

Ndinalankhula mokweza, monga tinkachitira pamsika. "Mnzanga, ndi ine. Ngati wabwera chifukwa wamva kuti mwana wako akusowa pokhala, anakunamiza. Apongozi anga si ine. Unandisiyira wekha, ndipo sindinathane naye, sindidzathana naye."

Pamenepo wa m'mimba anagunda mwamphamvu, ndipo maganizo oipa anandifikira: bwanji akati ndipatse wakoyo, tisinthane? Ndinagwira mimba ndi dzanja limodzi. Nthawi yonse ija ndinkalimbana ndi apongozi pa nkhani ya kubala ndi kulera, koma panalibe amene anandiuzapo kuti ndisankhe. Ndinafufuza mumtima mwanga moona mtima, kuti ndione amene ndikanapereka. Sindinamupeze.

"Onse awiri ndi anga," ndinatero. "Wako ndi uyu."

Ndinagoneka mvunguti paudzu, n'kuufunditsa bwino kansalu kake. Pobwerera sindinacheuke. Mawa lake mayi wina wotola nkhuni anandiuza kuti pamalopo palibe kanthu. Mwina anatenga ndi ana, mwina agalu. Sindinafufuze.

Koma ndathamangira kutsogolo. Tsiku lomwelo, nditafika pakhomo, ndinapeza mwana uja atachoka pansi pa mango, atakhala pakhonde. Apongozi anali pomwepo akusenda nandolo. Anandiyang'ana manja, mwanayo, n'kufunsa, "Mwana wanga mwamupatsa ndani?"

"Amayi ako aja."

Anafunsanso, "Ndiye ine nditsala?"

Ndinayankha ndikuyang'ana apongozi m'maso. "Utsala."

Anadzuka n'kukandigwira chitenje. "Amayi," anatero, "njala."