Lenzi Imene Anasankha Nachifunga

Tsiku limene banja lonse linasonkhana pabalaza kuti lionere kanema wa ukwati wa mng'ono wake, mtsikana amene ndikukuuzaniyu anasowa pobisa nkhope.

Wojambula anali iyeyo. Mayeso a kusekondale anali atalephera kawiri, n'kupeza ntchito yosesa mu situdiyo ya zithunzi, mmene anaphunzira pang'onopang'ono kujambula zithunzi za pa ziphaso. Ukwati utayandikira, anadziguguda pachifuwa kuti abale asavutike kufuna wojambula wina. Anabwereka kamera ya kuntchito ndi diso lake lagalasi, lenzi ya zithunzi, ija imadzisankhira yokha chinthu choti chioneke bwino.

Inasankhadi. Pamene mkwatibwi ankalumbira, lenziyo inakonda dazi la amalume amene anakhala kutsogolo. Dazilo linatuluka mbee, ndi thukuta lomwe. Mkwatibwi anangoti mbuu, chithunzi chikufufuma n'kuphwa pamene lenzi inkasakasaka nkhope yake osaipeza.

Anthu anaseka mpaka misozi, koma mng'ono wake sanaseke. Anadzuka n'kunena kuti, "Achemwali, tsiku langa linali limodzi lokha," n'kutuluka. Sanamuyankhulenso, ndipo abale anamupatsa dzina loti Nachifunga.

Patapita miyezi, mwini situdiyo anaganiza zotseka ntchito chifukwa maso anali atayamba kufooka. Mdalayu pa unyamata wake anagwirapo ntchito ndi opanga mafilimu. Tsiku lotsiriza anaika malenzi awiri patebulo.

"Wandisesera muno nthawi yaitali. Tenga imodzi."

Yoyamba inali ya zithunzi, yopepuka, yooneka yatsopano. Ndi imeneyo Nachifunga akanaima pakhomo la ofesi iliyonse m'mawa mwake n'kuyamba kupeza chakudya. Yachiwiri inali yakale, yolemera ngati njerwa, utoto utasupuka, yokhala ndi mikombero ya manomano ndi manambala kuzungulira.

"Iyi ndi ya mafilimu," anatero mdalayo. "Ilibe nzeru zakezake. Ukapanda kupotoza mkombero ndi dzanja, siichita kanthu. Koma ukaiuza kuti iyang'ane munthu uyu, siicheukira wina."

"Nanga ndikalakwitsa, bwana?"

"Wolakwa udzakhala iwe, mwana wanga. Sudzanamizira lenzi."

Nachifunga ananyamula yolemerayo, ndipo mdalayo anamuwonjezera kamera yakale yoti aziikapo. Apa m'pamene ine ndimamugomera mtsikanayu. Ambirife tikapsa manja timafuna chotichitira ntchito, kuti zikavuta tikhale ndi choloza chala. Iye anasankha kuti mlandu uzikhala wake.

Zinali zowawa, ndisakunamizeni. M'mawa ankachapira anthu zovala kuti adye. Masana ankayeza nyumba ndi chingwe, kulemba mizere ya choko pansi, n'kupempha mayi ake kuti aziyenda kuchoka pakhomo kufika pampando, iye akupotoza mkombero kutsata nkhope yawo.

"Ndiyende kangati, iwe?" ankadandaula mayiwo. "Miyendoyi si yaganyu."

Koma ankadzuka n'kuyendanso. Miyezi yoyamba, mayiwo ankatuluka mbuu akangopitirira mzere wachitatu. Chala chachikulu cha Nachifunga chinachita matuza, kenako chinakhakhala. Chaka chisanathe, ankangoyang'ana munthu n'kudziwa kutalika kwa pamene waima, osagwira chingwe.

Gulu lina lojambula makanema otsatsa malonda linamuyesa tsiku limodzi pamene munthu wawo anadwala. Sanamusiyenso. Ntchito zinayamba kumupeza zokha, ndipo dzina la Nachifunga ankaliyankha akuseka. Chimodzi chokha chinkamudya mumtima: mng'ono wake anabereka mwana, koma iye anangomvera kwa mayi.

M'mawa wina foni inalira.

"Achemwali, mwana wayamba kuima," anatero mng'ono wakeyo, mawu ali ouma. "Lero kapena mawa ayenda. Ngati mwaphunziradi, bwerani ndi chilenzi chanucho."

Nachifunga anakhala pansi pabalaza la mng'ono wake masiku atatu, kamera ili pamwendo. Mwini nyumba ankangomupatsa moni ndi madzi akumwa, basi. Tsiku lachitatu, mwana uja anasiya mwendo wa tebulo.

Mwana wophunzira kuyenda sadziwa mzere. Anadzandira kumanja, n'kuima, n'kuthamangira kutsogolo mwadzidzidzi. Koma chala cha Nachifunga chinkatsata mwanayo chokha, mpaka anagwera m'manja mwa mayi ake.

Awiriwo anaonera kanemayo pomwepo, mitu itagundana pa kagalasi ka kamera. Nkhope ya mwana inali mbee kuchokera pa phazi loyamba, timano tiwiri tikuoneka. Kumapeto kwake kunali nkhope ya mayi wa mwanayo, ikuseka ndi misozi m'masaya.

Mng'ono wakeyo anaonera katatu. Kenako ananyamula mwana n'kumuika pamwendo pa Nachifunga.

"Ikani kamerayo pansi, achemwali. Mwanayu sanawadziwe mayi ake aakulu."

Inu amene munalakwitsapo anthu akuona, mpaka kukupatsani dzina, musathawe ntchito imene inakuchititsani manyazi. Ibwerereni, muigwire ndi manja anu, ngakhale ikulemereni bwanji. Mtima wokha musautaye.