Bokosi la Yohane Linagwa pa Geti

Ndinadzuka kusanache, moto wa azibambo panja utatsala makala okhaokha. Azimayi akutchalitchi anali atayamba kale kuphika kuseri kwa nyumba yathu ku Ndeke. Linali tsiku loika Yohane, mlongo wanga wamng'ono.

Yohane sankamva chibadwire. Zaka zitatu ku koleji ankakhala kutsogolo n'kumawerenga milomo ya aphunzitsi, poti womasulira ndi manja amene akuluakulu a kolejiyo anamulonjeza sanabwere. Tsiku limene ophunzira anachita zionetsero, iye ankapita ku ofesi kukapemphanso womasulirayo, mayeso atayandikira. Alonda anamukuwira kumbuyo kuti aime. Sanaime. Anamumenya ndi zibonga, ndipo anamwalira kuchipatala patapita masiku awiri.

Kunatentha kuyambira m'mawa. Ophunzira anafika cha m'ma naini, ambiri kuposa abale. Anzake osamva anaima paokha pansi pa mtengo wa mango, manja akuyankhula mwaukali.

Misa itatha, bokosi silinafike m'galimoto. Ophunzira analikweza pamapewa n'kulowera msewu wa ku koleji. Amalume anaima kutsogolo kwawo.

"Ana inu, manda ali uku! Tsitsani mnzanuyo!"

Ophunzirawo anawakankhira m'ngalande. Tonse tinatsatira bokosi.

Pa geti miyala inayamba. Magalasi a kanyumba ka alonda anasweka. Ophunzira anatulutsa mlonda mmodzi, amene mwina tsiku lija kunalibeko n'komwe, n'kumamupondaponda. Ine ndinali pomwepo, njerwa ili m'manja. Sindikumbuka pamene ndinaitola. Ndinamumenya nayo pakamwa, ndipo ndinamva mano akuthyoka.

Apolisi atafika anaponya utsi wokhetsa misozi. Onyamula anabalalika, bokosi linagwa pa tara, chivundikiro n'kung'aluka. Amayi anakwawira mu utsimo, navula chitenje chapamwamba n'kuphimba pong'alukapo. Anzake osamva aja ndiwo anabwerera, akutsokomola, nalinyamula mpaka kumanda. Tinaika cha m'ma folo, tili ochepa, wansembe akuwerenga mofulumira.

Madzulo nyumba inali zii. Amalume anagona pamkeka, bondo litatupa. Chakudya chinazizira m'miphika. Ndikusamba m'manja pakhonde, amayi anabwera n'kuyang'ana madzi m'beseni.

"Magaziwa ndi a ndani?"

Ndinawauza. Anakhala pansi pang'onopang'ono, maso ali ofiira ndi utsi.

"Mawa upite kuchipatala ukamuone," anatero. "Nayenso ali ndi amake."